Tiger Moth ya Airfix ya m'thiranki la malemu bambo: ndiyambire pati?

Bambo a Yankho: Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete kwa miyezi ingapo, lero ndiye ndabwera ndi yanga. Sabata yatha tinali kumudzi ku Thondwe kukatsegula thiranki la malemu bambo, amayi atadandaula kuti chiswe chayamba kulowa m'chipinda chimene limakhala. Pansi pa majekete ndi makalata akale ndinapeza kathumba ka pulasitiki kokhala ndi kakatoni kumutu, kolembedwa Airfix, 1/72, Tiger Moth. Ndi kiti ya tizidutswa ta pulasitiki tomangira kandege kochepa ka 72 poyerekeza ndi ndege yeniyeni, ndipo Airfix ndi kampani yopanga makitiwo. Amayi akuti bambo anabwera nako pochokera ku Bulawayo kumene ankagwira ntchito ine ndisanabadwe, ndipo ankati adzamanga akadzapuma. Anangotsegula mbali imodzi n'kupenta kamunthu koyendetsa ndege, basi. Zina zonse zikadali pa chimango chake. Ine ndinamangapo magalimoto awiri ndi sitima imodzi, koma ndege ya mapiko osanjikizana sindinaigwirepo. Ndikufuna ituluke yooneka ngati ndege, osati kachidole. Ndiyambire pati?

Wa ku Joni: Pepani za madala, achimwene. Koma ndikuuzeni zoona zisanakupwetekeni: kiti imeneyo ndi nkhalamba. Airfix anatulutsa Tiger Moth yatsopano ya 1/72 mu 2014, yosalala, mkati muli chilichonse. Ndikhoza kukugulirani kuno n'kupatsira wa basi. Yakaleyo ikeni mu fulemu, muipachike pakhoma ngati chikumbutso.

Nangozo: A ku Joni, munthu wafunsa poyambira, inu mukumuonetsa potulukira.

Wa ku Joni: Ndikumupulumutsa, achemwali. Mudzandikumbukira pa tsiku lokweza phiko la pamwamba.

Achimwene a ku Leeds: Takulandirani Bambo a Yankho. Zikombole za kiti imeneyo ndi za 1957, nthawi imene Airfix anali atangoyamba kumene ndege, chifukwa yoyamba yawo, Spitfire, inali itangotuluka zaka zochepa m'mbuyomo. Anaigulitsa zaka zambirimbiri osasintha kanthu, choncho si yosowa ayi, ndipo poti thumba linatsegulidwa kale, musaope kuti mukuwononga chuma. Ine ndinaimangapo kawiri. Vuto lake lalikulu si kusowa kwa tizinthu ting'onoting'ono monga ambiri amaganizira. Vuto ndi kunenepa. Chilichonse pa kiti imeneyo n'chonenepa: m'mphepete mwa mapiko, timizati ta pakati pa mapiko, miyendo ya matayala, chiwongolero cha kumchira. Tengani rula muyeze kumbuyo kwa phiko, kumene liyenera kuthera ngati mpeni, mutiuze.

Bambo a Yankho: Ndayeza. Pafupifupi milimita imodzi. Phiko lonse kuchokera nsonga kufika nsonga lapitirira pang'ono masentimita 12.

Achimwene a ku Leeds: Kutalikako kuli bwino, chifukwa ndege yeniyeni mapiko ake ndi mamita 8.94, mukagawa ndi 72 mupeza masentimita 12.4. Koma milimita imodzi ija muichulukitse ndi 72. Ndi masentimita 7 pa ndege yeniyeni, kunenepa ngati njerwa. Ndege ya nsalu ndi matabwa sikhala ndi phiko lothera choncho. Ndiye ntchito yoyamba, musanatsegule n'komwe guluu, ndi kupala. Pezani galasi lathyathyathya, matani sandipepa wa 400 pamwamba pake, munyowetse, muzikhuta phiko cha kunsi kwake molipendeketsa pang'ono kuti kuzidyeka kumbuyo kokha. Kunsi, osati pamwamba, kuti nthiti za pamwamba zisafufutike. Mukamaliza bwerezani ndi 600 kenako 1000. Muziyang'ana padzuwa pafupipafupi. Kuwala kukayamba kudutsa m'mphepetemo, siyani.

Mnyamata wa Chinsapo: Nthiti zake ziti madala? Ndege ili ndi nthiti?

Nangozo: Ili nazo mwanawe. Phiko la ndege zimenezi ndi chimango cha matabwa, akuta nsalu pamwamba, asoka, kenako apaka mankhwala oti nsalu ikungike ngati ng'oma. Timizere tikuoneka paphikoto ndi matabwa a mkati akudinda pansalu. Ine monga telala zimandisangalatsa kuti ndege yonseyo inadutsa m'manja mwa anthu osoka. Koma makiti akale amakokomeza, nthiti zimachita kutuluka ngati za galu wa chaka cha njala. Bambo a Yankho, muzipepule pang'ono ndi 600, zitsale zongooneka dzuwa likawomba cha m'mbali.

Bambo a Yankho: Masiku atatu ndikupala. Zala zayera ngati ndimakanda ufa. Mayi a Yankho akufunsa ngati ndinagula ndege kapena ndinagula fumbi. Koma ndavomereza, phiko lasintha maonekedwe ngakhale ndisanapake kanthu. Ndapalanso mchira wonse. Funso: ndapenyetsetsa, mapiko a ndegeyi sali owongoka, akubwerera m'mbuyo pang'ono ngati mbalame yoti ikutera. Kodi pulasitiki inapindika ndi kutentha kwa m'thiranki? Ndiiwongole ndi madzi otentha?

Madala a ku Harare: Ayi ayi ayi mwana wanga, musawongole! Inabadwa choncho. Tiger Moth inachokera ku ndege ina ya kampani yomweyo ya de Havilland, DH.60 Moth. Pa imeneyo phiko la pamwamba ndi thanki ya mafuta zinali pamutu penipeni pa munthu wa kutsogolo, moti atavala parachuti sakanatha kutuluka msanga zinthu zitavuta. A RAF, asilikali a ndege a ku Britain, anati ayi. Ndiye anasunthira pakati pa phikolo kutsogolo, koma kuti ndege isataye sikelo yake anabweza nsonga za mapiko m'mbuyo. Atatero anaona kuti nsonga za mapiko a m'munsi zayandikira pansi, n'kuzikwezanso m'mwamba. N'chifukwa chake mukaiyang'ana kutsogolo, phiko la m'munsi lakwera kwambiri kuposa la pamwamba. Inauluka koyamba mu October 1931. Mukawongola zimenezo ndiye kuti mwamanga ndege ina.

Ndipo poti mwatchula Bulawayo, ndiloleni nditalikitse pang'ono. Nthawi ya nkhondo yachiwiri, Angerezi ankatumiza anyamata awo kudzaphunzira kuuluka kuno, dziko lino likutchedwa Southern Rhodesia, chifukwa kwawo kunali mitambo ndi mabomba pamene kuno thambo limakhala loyera miyezi yambiri. Sukulu zoyambira zinali zinayi: Belvedere ndi Mount Hampden kuno ku Harare, Guinea Fowl kufupi ndi Gweru, ndi Induna ku Bulawayo. Ya ku Belvedere inatsegulidwa mu May 1940. Ndege yoyambira kuphunzirira inali Tiger Moth yomweyi. Lero ku Belvedere kuli nyumba za anthu, pamene bwalo la ku Mount Hampden ndi lija timati Charles Prince Airport, dera lomwe amangako nyumba ya malamulo yatsopano. Atate anga anabwera kuno kuchokera ku Dedza zaka zimenezo, ndipo ankakonda kusimba za tindege tolira ngati njinga yamoto tikuzungulira m'mawa uliwonse. Mwina bambo anu sanasankhe kiti imeneyi mwangozi. Akuluakulu a ku Bulawayo a nthawi yawo ankaidziwa ndegeyi ndi maso.

Bambo a Yankho: Zikomo kwambiri madala. Ketulo inali itawira kale, ndakonzera tiyi.

Wa ku Joni: Mbiri yokoma madala. Koma mkati mwa kitiyo muli chiyani? Tatiuzani achimwene, tiseke.

Bambo a Yankho: Muli mphepo yokhayokha, a ku Joni. Sekani.

Nangozo: Mphepoyo ndi yabwino, simuchita kugumula kanthu. Pezani kapu ya yogati, muyang'ane kunsi kwake. Mukaona kachizindikiro ka makona atatu kali ndi 6 kapena zilembo PS, ndi pulasitiki ya mtundu umodzi ndi kiti yanu, guluu wa makiti amaigwira. Ikakhala 5 kapena PP itayeni, singamatike ngakhale mupemphere. Dulani kachidutswa ka pansi, timakoma tiwiri ta kumbuyo kwa mipando, ndi timabolodi tiwiri ta mawotchi. Mipando ipindeni pa kapu yomweyo, pokhota pake pamathandiza. Ndodo zowongolera ndi waya wa m'chingwe cha tchaja yakufa, kunsonga kadontho ka guluu woyera wa matabwa. Malamba ndi tepi ya pepala yodulidwa mopyapyala ndi lezala. Mawotchi musavutike kujambula: pentani bolodi lakuda, dindani timadontho toyera ndi nsonga ya chotokosera m'mano, likauma dontheza vanishi. Wina aliyense adzalumbira kuti akuona manambala.

Achimwene a ku Leeds: Ndiwonjezere. Mkati mwake ndi mobiriwira motuwa, penti ya Humbrol nambala 78 ngati muli nayo. Mbali zonse ziwiri za malo okhala muli tizitseko totsegukira pansi. Mukadula kamodzi kapena tiwiri n'kutisiya totsegula, ntchito yanu ya mkati idzaoneka, komanso makoma onenepa a kitiyo adzabisika chifukwa kachitseko katsopano mudzapanga ka yogati. Mukhozanso kuika kampasi pakati pa miyendo, timizere ta chimango m'makoma, chogwirira mafuta kumanzere, paipi yolankhulirana ija ankati Gosport...

Nangozo: Achimwene a ku Leeds, bowo lake ndi laling'ono kuposa njere ya nyemba, ndipo la kutsogolo likhala pansi pa phiko. Munthuyu mumusiyire mphamvu za zingwe. Za mkati akwanitse madzulo awiri, atseke.

Achimwene a ku Leeds: Ine ndimadziwa kuti zilimo, ngakhale zisaoneke.

Nangozo: Inunso mumasita malaya a mkati, ndakudziwani.

Bambo a Yankho: Ndatsata a Nangozo, koma kachitseko kamodzi ka kumbuyo ndadula kuti a ku Leeds asandikwiyire. Thupi ndatseka. Pamsoko panatsala mpata, komanso kunsi kuli kabowo kolowetsamo choimikira ndege. Pati wa makiti wotsekera mipata ndilibe.

Wa ku Joni: Supa guluu ndi soda wophikira. Donthezani guluu mumpatamo, wazani soda, zimauma nthawi yomweyo ngati mwala. Koma mupale mkati mwa ola limodzi. Mukagona nazo, mawa zidzakhala zolimba kuposa pulasitiki, sandipepa azidzadya m'mbali n'kusiya chitunda pakati. Mwaona, ndimathandiza ngakhale sindikugwirizana nazo.

Bambo a Yankho: Zatheka. Tsopano timizati. Tonenepa ngati mapolo a bulugama, ndipo tiwiri tili ndi mabowo ozungulira a chikombole. Ndinayesa kupala kamodzi, kanathyoka. Pulasitiki yake yauma ndi ukalamba.

Madala a ku Harare: Nsungwi, mwana wanga. Pitani kwa woluka malichero akupatseni kachidutswa kouma bwino. Nsungwi imang'ambika mowongoka, mukhoza kuipala mpaka kupyapyala ngati pepala koma osathyoka. Muipale ikhale ngati dontho la madzi mukaidula pakati, kutsogolo kozungulira, kumbuyo kosongoka. Pakani supa guluu thupi lonse kuti ubweya wake ugone, palaninso. Ndege yeniyeniyo timizati take tinali ta mtengo, ndiye simukunama.

Achimwene a ku Leeds: Ndikugwirizana ndi madala, koma pali msampha. Musataye timizati takale musanayeze. Dulani tatsopano kutalika kofanana ndendende, awiriawiri, kumanja ndi kumanzere. Kusiyana kwa theka la milimita kumapendeketsa phiko lonse. Kunsonga kulikonse siyani kamchira kolowa m'bowo la phiko. Kumata nsonga yosalala pa phiko losalala ndi kudzinamiza.

Mnyamata wa Chinsapo: Ine zingwe ndi zimene sindikuzimvetsa. N'zokongoletsa? Bwanji osangozisiya?

Achimwene a ku Leeds: Popanda zingwezo mapiko akanapindikira m'mwamba ndege ikangonyamuka. Timizati timatalikitsa mapiko awiriwo, zingwe zimawakoka, zonse pamodzi zimapanga bokosi lolimba koma lopepuka. Zochokera m'munsi pafupi ndi thupi kukwera kumutu kwa timizati zimanyamula ndege ikamauluka. Zochokera pamwamba pafupi ndi thanki kutsikira kumapazi a timizati zimagwira mapiko ikamatera kapena ikaima. Pakati pa timizati tiwiri ta mbali imodzi pali zopingasa ngati X. Kuwonjezera apo, pa Tiger Moth zingwe zokoka chiwongolero cha kumchira zimayenda kunja kwa thupi, mbali zonse ziwiri, poonekera. Ndege ya mapiko awiri yopanda zingwe imaoneka ngati gitala wopanda mawaya.

Mnyamata wa Chinsapo: Ndiye mugwiritsa ulusi wosokera?

Nangozo: Wathonje ayi. Uli ndi ubweya, umakoka fumbi, ndipo nyengo ya mvula umalendewera. Pa sikelo imeneyi chingwe chisapitirire milimita 0.1. Ulipo ulusi wa nayiloni umene timapindira masiketi kuti msoko usaoneke, wina woyera ngati madzi, wina wotuwa ngati utsi. Wotuwawo ndiye wake. Bambo a Yankho, ndili ndi mpukutu, mlamu wanga akupita ku Blantyre Lachisanu, ndimupatsira.

Wa ku Joni: Kapena angozula tsitsi la mayi a kunyumba, mulingo wake ndi womwewo.

Achimwene a ku Leeds: Mukuseka koma anthu anayesapo. Tsitsi la munthu limatalika kukakhala chinyezi, moti December zingwe zonse zidzagwa mphwayi. Kuno ambiri amagula ulusi wotamuka ngati EZ Line, umakhululuka ukaugunda. Njira ya makolo ndi kutenthetsa chidutswa cha chimango cha kiti pa kandulo, chikafewa n'kukoka manja onse awiri mpaka chisanduke ulusi. Koma pa kiti ya timizati ta nsungwi ine ndingasankhe nayiloni ya a Nangozo, chifukwa imagwiradi ntchito ngati pa ndege yeniyeni, imalimbitsa mapiko.

Bambo a Yankho: Kandulo ndiye sitisowa kuno, magetsi amatikumbutsa okha. Ndakoka kale ulusi wa pulasitiki wopangira paipi ya mafuta yotsika kuchokera pa thanki. Nanga penti? Ndikufuna yachikasu yonse, monga ndege zophunzitsira. Ndipente ndisanakweze phiko kapena nditakweza?

Nangozo: Musanakweze. Burashi singalowe pakati pa mapiko popanda kuthyola kanthu. Bowolani mabowo a zingwe, pentani, matani zizindikiro za papepala la m'kitimo, kenako kwezani. Koma chikasu ndi penti yamwano kuposa zonse, siphimba. Yambani ndi andakoti yoyera. Ena amathira kadontho kofiira mu yoyerayo kuti ikhale yapinki, chikasu chimatuluka chofunda bwino. Kenako Humbrol 24, yosungunula ndithu, ulendo 3 kapena 4, kudikira tsiku lathunthu pakati. Ulendo woyamba idzaoneka yonyansa, mudzafuna kuthira yambiri. Musatero.

Wa ku Joni: Ndipo musayerekeze thina wa magalimoto kapena sipuleyi ya m'hadiweya mwachindunji. Ine ndinapopera Spitfire yanga ndi ya m'chitini yotchipa, pulasitiki inachita makwinya ngati khungu la ng'ona ndikuyang'ana. Sungunulani ndi tapentaini. Mukapaka vindikirani ndi beseni, fumbi la October lino silicheza.

Bambo a Yankho: Mabowo ndibowola ndi chiyani? Kadirilo kanga kakang'ono kwambiri ndi ka milimita imodzi.

Achimwene a ku Leeds: Pamafunika ka 0.3. Ngati palibe, tengani singano yaing'ono yosokera pamanja, muinole pa mwala mbali zitatu kuti nsonga ikhale ndi makona, muizike m'kamtengo. Muzipota ndi zala, osakankha. Tsono mvetsani apa, chifukwa ndi pamene pagona ntchito yonse. Phiko la pamwamba mubowole kunsi kwake mabowo osatulukira. Phiko la m'munsi mubowole otulukira, mopendeketsa kutsata kumene chingwe chikupita. Musanakweze phiko, matani nsonga imodzi ya chingwe chilichonse m'mabowo a pamwamba, muzisiye zazitali zikulendewera ngati ndevu. Mukakweza ndipo zauma, lowetsani chimodzichimodzi m'bowo lake la m'munsi, panani nsonga ndi pegi ya zovala kuti kulemera kwake kukoke, donthezani supa guluu ndi nsonga ya singano, dulani ndi lezala yatsopano. Chingwe cha kumanja, kenako mnzake wa kumanzere, mosinthana choncho. Mukamaliza mbali imodzi yonse kaye, ndege idzapotoka. Zipsera zidzatsala kunsi kwa phiko la m'munsi kumene sikuoneka, mudzapala n'kugwaza penti.

Bambo a Yankho: Abale, zavuta. Penti inatuluka bwino, koma usiku wathawu ndinayesa kukweza phiko. Ndinamata timizati tonse 4 ta kunja ndi supa guluu, ndinaika phiko pamwamba ndi dzanja, kamodzi kanalowa, titatu tinakana. Pofuna kukankha, guluu anagwira chala, ndipo pochotsa chala phiko linabwera nacho. Kamzati kamodzi kathyoka, penti yakanganuka malo awiri, zingwe zapiringizana ngati ukonde wa usipa. Ndinangozimitsa nyali n'kukagona. A ku Joni, nenani mawu anu aja.

Wa ku Joni: Sindinena. Zinandichitikira pa kiti yatsopano yomwe ija ndimakuuzani, ndiye ndilibe pakamwa. Musachotse guluu ndi mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo, amasungunula pulasitiki. Palani ndi lezala pang'onopang'ono.

Madala a ku Harare: Munalakwa ziwiri, mwana wanga: munadalira dzanja, ndipo munagwiritsa guluu wosapereka mpata. Manja a munthu ndi awiri, timizati ndi tambiri. Mangani kaye chogwirira. Tengani katoni yolimba, jambulani ndege mukuiyang'ana pamwamba, mapiko onse awiri, kusonyeza mmene la pamwamba latsogolera la m'munsi. Dulani makatoni awiri oimirira okhala ndi mipata iwiri, wa phiko la m'munsi ndi wa la pamwamba, muwamate pa bolodi kumanja ndi kumanzere. Ndege ikalowa m'menemo, mapiko aima pamalo pake popanda kamzati ngakhale kamodzi. Mukatero muyambe ndi timizati ta pakati, tonyamula thanki. Tikauma, lowetsani ta kunja kamodzikamodzi ndi kopanira, mapiko amatamuka pang'ono n'kulola. Gwirizitsani ndi guluu woyera wa matabwa, amene amakupatsani mphindi zambiri zowongolera. Yang'anani kutsogolo, pamwamba, m'mbali. Mukakhutira, ndiye kadontho ka supa guluu pa mfundo iliyonse. Ndipo ntchito imeneyi ndi ya m'mawa, osati ya munthu amene waweruka wotopa.

Nangozo: Nsungwi yatsala? Palani kamzati kena. Ukanakhala pulasitiki ya kiti bwenzi pano mukulira maliro enieni.

Bambo a Yankho: Loweruka m'mawa, khomo lotseka, Yankho atapita kwa azakhali ake. Chogwirira ndinapanga cha katoni ya sopo. Phiko lakwera! Ndaliyang'ana mbali zonse mpaka maso kuwawa, lili bwino. Zingwe ndamanga dzulo ndi lero. Koma ziwiri za kumanzere zalendewera pang'ono, guluu anagwira pegi isanakoke bwino. Ndidule ndiyambirenso?

Nangozo: Ayi. Yatsani koyilo ya udzudzu, muzimitse lawi patsale khala. Tembenuzani ndege kuti chingwe chikhale pamwamba pa utsi, muyandikize pang'onopang'ono. Nayiloni ikamva kutentha imadzikoka yokha, mudzaona yangoti nga. Pomwepo chotsani dzanja. Mukachedwa sekondi imodzi chingwe chiduka, mukayandikiza kwambiri phiko lipindika. Yesani kaye pa kachidutswa komanga pa mphanda ya kamtengo.

Bambo a Yankho: Aaa, zamatsenga! Chimodzi chakungika, chinacho ndachiwotcha. Ndabowolanso, ndasintha. Pano zonse zili nga.

Mnyamata wa Chinsapo: Madala zithunzi zija ndaona, ndiye mwaiphula. Koma zizindikiro bwanji palibe? Paja anati mumate musanakweze.

Bambo a Yankho: Ndinachita mantha. Pepala lake lachita chikasu ngati nyuzipepala yakale, ndipo ndikaliyang'ana cha m'mbali ndikuona timing'alu.

Achimwene a ku Leeds: Mantha abwino. Mukanaliponya m'madzi likanabalalika ngati mapira. Liikeni m'kathumba ka pulasitiki kouma, mulimate pa windo loyang'ana dzuwa, nkhope kunja. Kuno timadikira mwezi wathunthu, kwanuko sabata ziwiri zikwana, chikasucho chimafufuma. Kenako pakani vanishi wonyezimira wopyapyala pamwamba, kawiri. Zikatero pepala lonse lasanduka chizindikiro chimodzi, ndiye muzidula chilichonse m'mphepete mwake mwenimweni. Yambani ndi chimene simuchifuna kuti muone khalidwe lake. Madzi ofunda, osati otentha. Guluu wake wakale akakhala atafooka, sungunulani guluu woyera ndi madzi mupake pamalopo. Ndipo pomata pakhale ponyezimira. Pa penti yosanyezimira mpweya umatsekeredwa pansi, chizindikiro chimaoneka ngati chapakidwa siliva.

Podikira dzuwalo, nazi zina zoti muchite. Timagalasi totchinga mphepo dulani pa pulasitiki yoonekera ya paketi ya mabatire, mumate ndi guluu woyera, chifukwa supa guluu amachititsa nkhungu. Thanki ya pakati pa phiko, ya magaloni 19, ili ndi mizere ngati lata, ndipo pamwamba pali kogeji ka mafuta koimirira. Mafuta amangotsika okha kupita ku injini. Kumchira kulibe tayala, kuli kachitsulo kokhukhuluza pansi, ndipo ndege zimenezi zopangidwa ku Britain zinalibe mabuleki. Za ku Canada ndiye zinali ndi tayala la kumchira, mabuleki ndi denga lagalasi chifukwa cha kuzizira. Zokwezera ndi kutsitsa phiko pokhota zili pa mapiko a m'munsi okha, musajambule pamwamba. Injini yake, Gipsy Major ya mahatchi 130, ndi yozondoka, masilinda 4 ali pansi, n'chifukwa chake pulopela ili m'mwamba mwa mphuno ndipo paipi ya utsi ili kunsi. Bowolani pakamwa pa mphuno pamene mphepo imalowera, pa kitiyo ndi pongojambula.

Wa ku Joni: Munthuyu akapitiriza atiuza ndi dzina la amene anamanga mabawuti.

Madala a ku Harare: Musiyeni, ndi ameneyu amatisunga. Ine ndikanakonda ikanavala nambala ya ndege ya ku Induna, poti bambo ake anali ku Bulawayo. Koma zimenezo zimafuna chithunzi chenicheni cha ndege imodzi, osati kungopeka nambala.

Bambo a Yankho: Ndinaganizapo madala, koma ndigwiritsa za m'thumba momwemo. Ndi zimene bambo akanamata. Sabata ziwiri zakwana, pepala layera ndithu. Chozungulira chimodzi cha paphiko chinang'ambika patatu, ndachilumikiza pamalo pomwepo ndi burashi yonyowa, mng'alu ndagwaza ndi penti yabuluu. Mukayandikira mukuona, mukaima mita imodzi simuona. Kumata m'mbali mwa thupi zingwe zili kale ndi chilango, a Nangozo munanena zoona. Tsopano kamunthu kaja. Bambo anakapenta ndi penti yonyezimira, mwina ya zitseko, jekete labulauni, nkhope yapinki ngati sopo, maso madontho awiri osiyana kukula. Pafupi ndi ntchito yonseyi kakuoneka kachilendo.

Achimwene a ku Leeds: Penti yakale ya mafuta imachoka mukaiviika usiku umodzi mu mankhwala otsukira uvuni, pulasitiki osawonongeka. Ndangonena kuti mudziwe. Koma ine sindingakhudze.

Nangozo: Mukakachotsa penti ndikutulutsani pagulu, ngakhale si ine adimini.

Bambo a Yankho: Sindinakhudze, ngakhale vanishi sindinapake. Vuto n'lakuti mipando yanga ya yogati yachepetsa malo, sakulowa. Ndachotsa mpando wa kutsogolo kuti akhale pansi penipeni.

Madala a ku Harare: Kumbuyo, mwana wanga. Wophunzitsa ankakhala kutsogolo, wophunzira kumbuyo, ndipo munthu akakhala yekha amaiyendetsa ali kumbuyo kuti sikelo ikhale bwino. Mukamuika kutsogolo yekha, aliyense woidziwa ndegeyi adzafunsa kuti woyendetsa wapita kuti.

Bambo a Yankho: Ndiye kuti ndachotsa mpando wolakwika, ndipo uli pansi pa phiko ndi zingwe. Ola lathunthu ndi kopanira kuti ubwerere. Wa kumbuyo ndauzula, pamodzi ndi malamba anga okongola aja. Wakhala, mutu ukusuzumira bwinobwino pa kachitseko kotsegula. Ndege ndaiika m'chitini choonekera cha keke chifukwa Yankho wayamba kale kuizungulira. Lamlungu ndipita nayo ku Thondwe amayi akaione, ndikaigwirizira pamiyendo mu minibasi.

Wa ku Joni: Khalani mpando wa kutsogolo, ndipo mulipire wa anthu awiri. Yatsopano ija ndagula kale, ibwera ndi basi ya mwezi wa mawa. Ndikufuna ndione ngati mudzaimange bwino kuposa nkhalambayi.

Nangozo: Ikafika mudzagula ulusi wanu. Mpukutu wanga ubwere ndi mlamu Lachisanu, ndili ndi madiresi 6 a ukwati oti ndipinde.